Alamu Anga a Chimfine Abweranso

Mandimu akwera mtengo. Omwe aja kale ankatiikira basela, lero mayi wa pamsika akutchula mtengo wake maso ali kumbali. Chifukwa chake tonse tikuchidziwa: chiperoni chayamba, ndipo alamu anga a Chimfine afika.

Alamuwa saodira. Amakwera minibasi osalipira, kondakitala atatseka mawindo onse poopa mphepo, wina n'kuyetsemulira pakhosi panga. Pofika pasiteji, alamu ali kale m'mphuno, nsapato avula, akufunsa za ndiwo.

Madokotala amawatchula kuti rhinovirus, ndipo banja lawo lili ndi mitundu yoposa 100. N'chifukwa chake mukaperekeza mmodzi, mng'ono wake amakhala akulongedza chikwama. Katemera wa banja lonselo palibe.

Ndimayesa kuwathamangitsa mwaulemu: jinja, adyo, kudzifunditsa bulangete pamwamba pa mphika wa masamba a bulugamu mpaka maso psuu. Alamu amangothokoza kuti pakhomo pano timalandira bwino alendo. Amakhala sabata kapena masiku 10, n'kunyamuka okha, ine n'kumakadzitama ku bawo kuti mankhwala anga saphonya.

Mayi a kunyumba amakanitsitsa kuti si m'bale wawo. Mwina akunena zoona, poti iwo zikawagwira amaphika, kuchapa, n'kupitanso kuchigayo. Ine ndimagona chagada, mamina ali chuu, n'kuitana ana kuti amve amene adzatenge njinga ndi amene adzatenge wailesi.

Koma chondipsetsa mtima ndi mnyamata wa pa okala amene amagulitsa amoxicillin mmodzimmodzi pambali pa machesi, ati wothamangitsira alamu. Mankhwala amenewa amapha mabakiteriya, vairasi samugunda n'komwe. Tikamangowameza chimezemeze, mabakiteriyawo amawazolowera, ndipo tsiku lomwe mwana adzagwidwe ndi chibayo chenicheni, adzamwa mankhwala opanda mphamvu. Ogulitsa ndi ogula tonse tikulakwira ana athu.

Tsono alamu akafika kwanuko, sambani m'manja ndi sopo, imwani madzi ambiri, yetsemulirani pachigongono, mupume. Koma mwana akayamba kupuma mothamanga kapena mobanika, nthiti zikulowa m'kati, musadikire kuti mlendo atsanzike yekha. Thamangirani naye kuchipatala tsiku lomwelo.