Tsiku limene ndinakhala Sipikala pakhonde

Kwa zaka zambiri ndakhala katswiri wa Nyumba ya Malamulo ngakhale sindinapondeko phazi. Ukatswiri wangawu ndimauchitira pabenchi la kwa ometa, wailesi ikulira, aphungu akukuwizana ku Lilongwe. Ndikamva Sipikala akukuwa kuti "Oda! Oda!" koma phokoso osaphwa, ndinkapukusa mutu n'kuuza anzanga kuti, "Munthuyu ndi wofatsa udyo. Mpandowo atandipatsa ine, sabata imodzi yokha onsewa akhoza kumakweza dzanja ngati ana a sitandade 1."

Pakamwa pomwepa ndi pamene panandipereka. Chaka chatha wapampando wa banki mkhonde yathu anasamukira ku Mzuzu kutatsala milungu itatu kuti tigawane. Tilimo anthu 21, amuna tili anayi okha. Amayi atanong'onezana pang'ono, anati mpando ugwiridwe ndi ine. Ndinaganiza kuti nzeru zanga zija zatchuka. Ndinadzamva pambuyo pake kuti anandisankha chifukwa ndine wa masheya ochepa m'gulu lonse, ndiye palibe ankandiopa, komanso khonde langa limakhala ndi mthunzi masana.

Ku London, Sipikala watsopano akasankhidwa, aphungu anzake amamugwira mikono n'kumukokera kumpando, iye akunamizira kukana. Mwambowu uli ndi mbiri yake. Munthu woyamba kulembedwa ndi dzina laudindowu anali Thomas Hungerford m'chaka cha 1377, ndipo ntchito yake inali kupita kwa mfumu kukayankhula m'malo mwa aphungu onse. Dzina loti Sipikala likuchokera pamenepo: woyankhulira ena. Tsono mafumu a masiku amenewo akauzidwa kuti anthu akukana msonkho, sankaitanitsa msonkhano wa atolankhani. Angapo mwa anthu amene anakhalapo pampandowo anadzamaliza moyo wawo mutu uli kwina, thupi kwina. Wanzeru aliyense ankafuna achite kukokedwa. Ine palibe anandikoka. Ndinafika pampando mlembi asanamalize kutchula dzina langa, ndipo ndinaupukuta ndekha ndi malaya.

Usiku wake ndinayamba zokonzekera. Sipikala weniweni amalowa m'nyumba atavala mkanjo, patsogolo pake pakuyenda mkulu wa chitetezo atasenza ndodo yonyezimira ija, imene imaikidwa patebulo kusonyeza kuti zokambirana zili m'mphamvu. Mkanjo ndinalibe, ndiye ndinatulutsa jekete la paukwati wathu, limene masiku ano limatsekeka ndikasiya kupuma. Ndinapempha mayi a kunyumba kuti andibwereke wigi yawo ya kutchalitchi. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi osayankha, ndipo ndinamva yankho lonse. Ndodo ndinaipeza kukhitchini: mthiko waukulu uja wophikira nsima ya alendo.

Lamlungu masana ndinatsegula zokambirana ndi mawu oti kuyambira lero aliyense azitchulidwa kuti Olemekezeka, ndipo palibe woyankhula popanda kudzera kwa ine. Mayi wina wogulitsa mandazi anafunsa ngati Olemekezeka amalipiranso chindapusa cha kuchedwa. Ndinati eya. Anati ndiye ulemuwo ndiusunge.

Nkhani yaikulu inabwera ndi msungichuma. Mayi wina wa m'gulu lathu anapezeka kuti walowanso banki mkhonde ya kutchalitchi kwawo, akuponya masheya kumeneko mlungu ndi mlungu, pamene kwathu ali ndi ngongole yoti chiwongoladzanja chake chabereka ana ndi zidzukulu. Theka la gulu linaimirira: achotsedwe lero, apo ayi bokosi silitsegulidwa. Theka lina linati tiyambe tagawana, Khirisimasi ili pafupi, feteleza sadikira.

Mtima wanga unadumpha ndi chimwemwe, chifukwa nkhaniyi ndinkaidziwa. Ili ndi Gawo 65 lenileni! Malamulo oyendetsera dziko lino amapatsa Sipikala udindo wolengeza kuti mpando wa phungu ulibe munthu ngati phunguyo wasiya chipani chimene anasankhidwira n'kulowa china cha m'nyumbamo. Bingu wa Mutharika atachoka mu UDF mu 2005 n'kuyambitsa DPP, aphungu anakhamukira kumeneko ngati ngumbi pa getsi, ndipo katundu yense anagwera Louis Chimango, amene anali Sipikala kuyambira 2005 mpaka 2009. Mu 2007 otsutsa boma anati Gawo 65 liyambe, bajeti pambuyo. A boma anati bajeti iyambe. Ziletso za kukhoti zinkamanga manja a Sipikala, bajeti n'kuchedwa miyezi. Nthawi imeneyo ine ndinali kwa ometa ndikukuwa kuti a Chimango akungozengereza, nkhani yake ndi yophweka ngati kusenda nthochi.

Ndiye nthochi ija inali m'manja mwanga tsopano. Vuto linali limodzi lokha laling'ono: mayi wolumphayo ndi mkazi wa alandilodi anga. Ndikukonza kukhosi kuti ndipereke chigamulo, alandilodi eni ake anatulukira pageti, manja kumbuyo, n'kundipatsa moni waulemu kwambiri. "A Tcheya, pitirizani, ine sindikusokonezani. Ndimangodutsa kuti mwina mukamaliza tikambirane za Okutobala ndi Novembala uja." Kukhoti chiletso chimabwera ndi chidindo. Changa chinabwera ndi patapata.

Ndinayamba kukuwa "Oda!" ngakhale panalibe amene amalongolola panthawiyo. Kenako onse anayamba kulongolola, ndipo "Oda" wanga anamira. Ndinafuna kumenya tebulo ndi ndodo ya ulamuliro, koma inali itasowa. Mwana wanga wamkazi anali atabwera mwakachetechete n'kuitenga, madzi a nsima atawira. Mwa malamulo a ku Lilongwe, kuyambira pamenepo zonse zimene tinkakambirana zinali macheza chabe.

Nzeru inandibwerera: tivote. Sipikala savota, ndinawauza monyadira, malamulo amatero. Apa ndinaona kuti ndapulumuka, mlandu ukhala wa manja awo. Chimene ndinaiwala n'chakuti lamulo lomwelo lili ndi mchira: mavoti akafanana, Sipikala ndiye amaponya voti yothetsa mkangano. Ndipo 21 kuchotsa ine, samu zake mukuziona. Manja khumi anakwera kuti achotsedwe, ndipo dzanja lokwera kuposa onse linali la mayi a kunyumba. Manja khumi anakwera kuti akhale, ndipo alandilodi anali atapeza njerwa n'kukhalapo pageti paja.

Mu 1642 Mfumu Charles I inalowa m'nyumba ya aphungu ku London, asilikali ili nawo pakhomo, kudzagwira aphungu asanu. Inafunsa Sipikala William Lenthall kumene anthuwo ali. Lenthall anagwada, koma anakana kuwaulula, ponena kuti maso ndi lilime lake zimagwira ntchito motsatira zimene nyumbayo yamulamula. Mpaka lero amamutamanda. Koma ndinene mosabisa, Lenthall madzulo a tsikulo anapita kwawo kukadya mwamtendere. Mfumu siinkagona naye nyumba imodzi, ndiponso siinkamutolera lendi.

"Abambo, tikudikira," anatero mayi a kunyumba, mawu ali ozizira ngati madzi a mumtsuko.

Ndinaimirira, ndinakonza jekete, n'kulengeza kuti nyumba yaima kwa mphindi khumi. Ndinayenda mwaulemu wonse kulowera kuseri, n'kudzitsekera m'chimbudzi.

M'menemo, thukuta likutsika, ndinakumbukira Rodwell Munyenyembe, ndipo kuseka kunandithera. Bambo ameneyu anali Sipikala woyamba wa nthawi ya zipani zambiri, kuyambira 1994 mpaka 1999, n'kubwereranso mu 2004. Mu Juni 2005, aphungu atatenthetsana pa nkhani yokhudza kuchotsa pulezidenti pampando, iye anagwa m'nyumba momwemo ali pantchito, ndipo patapita masiku ochepa anamwalirira ku Johannesburg. Anali ndi aphungu 193 oti awakhazike pansi. Lero alipo 229. Ine anthu 20, mbuzi imodzi yongodutsa ndi alandilodi pa njerwa, mtima unali ukugunda m'makutu.

Mphindi khumi zija zinakwana makumi anayi. Nditatuluka ndinapeza bokosi latsegulidwa, maloko onse atatu ali patebulo, anthu akuseka. Mlembi wathu, mayi wosayankhulayankhula amene amaphunzitsa kusukulu ya mkaka, anali atangotenga kope n'kuwerengera kuti ngongole ya mayi uja ichotsedwe pa masheya awo, chotsalacho adzabweze Januwale asanathe, mboni ziwiri zisayine. Onse anavomera. Alandilodi anali atapita.

Panali patachitikanso chisankho china chimene sindinaitanidwe. Dziko lino linadikira kuchokera 1964 mpaka 2019 kuti Catherine Gotani Hara akhale mayi woyamba pampando wa Sipikala. Gulu lathu zinalitengera nthawi imene ine ndinali m'chimbudzi. Ndinafunsa ngati mavoti anafanana, poti mwina voti yanga ikufunika. Anati ayi, a Tcheya opuma, musavutike, anali 20 kwa 0. Anandilembanso chindapusa chochoka pamsonkhano osatsanzika.

Loweruka lapitali ndinali kwa ometa. Wailesi ikulira, aphungu akukuwizana, Sipikala akupempha bata. Mnyamata wometa anaimitsa mashini n'kunena kuti, "Madala, si paja munati inu sabata imodzi yokha? Tauzani anthuwa mmene mungachitire."

Ndinamuuza kuti achepetse pang'ono m'mbalimu, kumbuyoku asakhudzeko.