Kasinthidwe ka Malamulo a Kalabu Kosavutitsa Mamembala

A wapampando, nthawi yanu ikutha, ndipo malamulo oyendetsera kalabu yanu ya fodya akuti munthu asapitirire kawiri pampando. Musade nkhawa bambo. Malamulowo analemba ndi anthu, ndipo bolopeni sinathe.

Yambani ndi kusankha tsiku. Musaitanitse msonkhano mu Juni, mabelo atagulidwa kale ku Chinkhoma, chifukwa munthu wokhuta amachuluka mafunso. Itanitsani mu Febuluwale, aliyense ali m'chigafa kusoka fodya, manja ali bii ndi utomoni, msewu wa ku Chamama uli matope okhaokha. Kukagwa maliro mudzi woyandikana nawo, ndiye mwayi wanu umenewo.

Uthenga wa msonkhano uyenera kuperekedwa, inde. Lembani pakapepala, mumate kuseri kwa chitseko cha ofesi. Wina akadzadandaula kuti sanamve, mudzamutsegulira chitsekocho adzadzionere yekha.

Malamulo akuti pofuna kusintha ndime, mamembala magawo awiri mwa atatu avomereze. Sananene kuti avomereze tsiku liti. Pepala lija anadindapo zala polandira feteleza wa ngongole likadali m'kabati. Lichotseni mutu wake, mulilumikize ku zokambirana za lero. Chala ndi chala basi.

Ndime yatsopanoyo muiwerenge m'Chingerezi, mothamanga, nkhope ili gwa. Mayi wina akaimika mkono, muuzeni kuti mafunso abwera kumapeto, kenako pemphani mkulu wampingo atseke ndi pemphero.

Mbiri ya dziko lino ili ndi maphunziro okwanira. Mu 1971, Kamuzu Banda, mwana wa konkuno ku Kasungu, anakhala pulezidenti wamuyaya popanda phokoso. Mu 1995 aphungu anafafaniza gawo 64 la malamulo a dziko, limene linkapatsa anthu mphamvu zochotsa phungu wawo. Inunso fafanizani ndime yochotsera komiti, imangodanitsa abale. Koma chenjerani ndi zimene zinachitika mu Julayi 2002, pamene ankafuna kuchotsa malire a nthawi ya pulezidenti, Bakili Muluzi ali pampando. Ovomereza anapezeka 125 pomwe pankafunika 128. Cholakwika chinali chimodzi: anawerenga. Inu musawerenge. Funsani kuti, "Tagwirizana eti?" Alamu anu, omwenso ndi asungichuma, ayambitse kuwomba m'manja.

Alembi asavutike kulemba msonkhano uli mkati. Zokambirana zabwino zimalembedwa dzulo lake, mutu uli phee.

Ngati gulu lanu linalembetsedwa ngati kopaletivi, lamulo la makopaletivi la 1998 limati kusinthako sikugwira ntchito mpaka mkulu wolembetsa makopaletivi kuboma atakuvomereza. Koma ku Lilongwe n'kutali, ndipo ndalama ya basi ingathe kugulira komiti zoziziritsa kukhosi. Paja fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Zikatere, mamembala ayamba kuchoka mmodzimmodzi kukayambitsa kalabu ina ku Santhe kapena ku Mtunthama, ndipo kampani yogula fodya idzawatsatira komweko ndi kontirakiti yake. Musawakakamize kukhala. Mukadzatsala atatu, inu, alamu anu ndi alembi, magawo awiri mwa atatu azidzakwana musanatuluke n'komwe m'nyumba, ndipo malamulo muzidzasintha ngakhale sabata iliyonse.