Tsoka Silinunkha, Kupatula la Injini ya Lole

Mwambi wakuti tsoka silinunkha umadziwika bwino kumwera kwa nyanja ya Malawi, ndipo tanthauzo lake, monga akuluakulu amalifotokozera, ndi lakuti mavuto sachenjeza pobwera, kotero kuti wogwa m'tsoka sayenera kusekedwa kapena kuimbidwa mlandu. Amene anaupeka anali ndi umboni wokwanira, pakuti ng'ona ya mu Shire sitsokomola isanagwire munthu padooko, mphenzi silengeza kumene igwere, ndipo mwera, mphepo imene imavundula nyanja m'miyezi yozizira, umatha kumupeza msodzi ali pakati pa madzi. Chovuta n'chakuti mwambiwu unapekedwa Rudolf Diesel asanalize injini yake ku Augsburg m'chaka cha 1897, ndipo chiyambire pamene malole anayamba kutsikira kunyanja kudzatenga nsomba, anthu akhala akuutchula pa tsoka limene limanunkha kuposa matsoka onse, limafuka utsi wamitundu itatu, limagogoda, ndiponso limayatsa nyale yofiira pamaso penipeni pa dalaivala.

Boma la Mangochi, limene atsamunda analikhazikitsa m'chaka cha 1891 nalitcha Fort Johnston, lili m'chigwa chosafika mamita 500 pamwamba pa nyanja yamchere, ndipo m'miyezi ya October ndi November kutentha kumapitirira madigiri 35 kawirikawiri. Lole yolowera kum'mawa imaoloka Shire pa mlatho wa Bakili Muluzi, umene unamangidwa ndi thandizo la dziko la Japan, kenaka imayamba kukwera mapiri a Chowe pa msewu wa M3 wopita ku Namwera ndi ku chipata cha Chiponde. Yofuna kudulira ku Dedza imadzera ku Golomoti n'kukumana ndi Khwekhwerere, msewu wokhotakhota wokwera mpaka pa Masasa. Ndipo yolunjika ku Makanjira imameza fumbi chilimwe chonse ndi kusambira m'matope dzinja lonse. Malole ambiri a m'misewuyi ndi a mtundu wa Canter ndi Dyna, amene anagwira kale ntchito yawo ku Japan komweko nabwera kuno pa msinkhu wopuma, koma m'malo mwa penshoni anapatsidwa matumba a usipa, simenti, chimanga, ndi anthu a matola okhala pamwamba pa zonsezo. Opanga analemba kuti Canter wamba inyamule matani 2 kapena 3, koma ku Msaka ndi ku Malembo chiwerengerochi chimatengedwa ngati maganizo chabe a munthu wosadziwa mtengo wa dizilo, ndipo opakira amaleka pokhapokha masipuling'i, zitsulo zopindika zimene zimanyamula thupi la galimoto, atawongokeratu.

Injini ya dizilo ilibe mapulagi oyatsira moto monga ya petulo. Imakoka mpweya n'kuupanikiza ndi pisitoni, chitsulo chokwera ndi kutsika m'chibowo chotchedwa silinda, mpaka mpweyawo utatentha kupitirira madigiri 500, kotero kuti dizilo akapoperedwamo amayaka yekha. Gawo lalikulu la mphamvu ya mafutawo silifika ku matayala, pakuti lina limatuluka ndi utsi ndipo lina limatsala ngati kutentha kumene madzi ayenera kukuchotsa, pozungulira m'thupi la injini ndi kukazizira mu redieta, chitsulo cha timapaipi tambirimbiri chokhala kutsogolo kwa galimoto. Fungo loyamba la tsoka limachokera kumeneku. Paipi ya labala ikang'aluka, kapena pampu yozunguza madzi ikayamba kudontha, m'kabini mumamveka fungo la nthunzi, limene limakhala lotsekemera ngati m'madzimo muli mankhwala oteteza dzimbiri, ngakhale kuti m'malole ambiri a kunyanja fungo lotsekemeralo silidziwika, chifukwa redieta imamwa madzi a m'nyanja, a pachithaphwi kapena a pamjigo, ena mwa iwo amchere, amene amasiya dzimbiri ndi ukoko m'timapaipi mpaka theka la redietayo litaleka kugwira ntchito.

Zipangizo ziwiri zazing'ono zimazunzika kwambiri pa nkhani imeneyi. Chivindikiro cha redieta si chotsekera wamba, chifukwa chimapanikiza madzi kuti asawire pa madigiri 100 koma apirire mpaka cha m'ma 120, ndipo chikatayika n'kulowedwa m'malo ndi kansanza kokulunga m'pulasitiki, madzi amene akanafika ku Namwera amawirira pakati pa chitunda. Chinacho ndi themositati, kachitseko kotsegula ndi kutseka njira ya madzi kuti injini ikhale pa madigiri pakati pa 80 ndi 95, kamene amakaniko ena amakachotsa tsiku loyamba ponena kuti kanapangidwira kumaiko a chisanu. Kuchotsako sikutsuka redieta yotsekeka ndipo sikukunga lamba wa fani wolendewera. Kumangochititsa kuti injini ichedwe kufunda m'mawa, nthenda yeniyeni ili chikhalire.

Zimene zimachitika lole ikawira pa Chowe zimatsata dongosolo losasintha, moti wofufuza miyambo akhoza kulilemba ngati mwambo. Mnyamata wothandiza dalaivala amadumpha galimoto isanaime bwino n'kuika mwala kumbuyo kwa tayala, kenaka amathyola nthambi zamasamba n'kuziyala mumsewu kutsogolo ndi kumbuyo, chifukwa zizindikiro zofiira za makona atatu zimene lamulo limafuna zinabwerekedwa ndi lole ina yopita kukayezedwa. Apaulendo amatsika n'kukhala pamthunzi, aliyense akupereka maganizo, ndipo amene sanagwirepo sipanala ndiye amayankhula mokweza. Pomaliza pamafika chigubu cha madzi ozizira a mumtsinje, ndipo madziwo amakhuthulidwa m'injini yotentha, mchitidwe umene umakhotetsa kapena kung'alula mutu wa injini, ndiko kuti chitsulo chovindikira masilinda, popeza chitsulo chotentha chikazizira mwadzidzidzi mbali imodzi chimakokana. Pakati pa mutuwo ndi thupi la injini pamakhala gasiketi, chophwaphwatika cholekanitsa moto, madzi ndi oyilo, ndipo ikapsa zitatuzi zimayamba kuyenderana: mu redieta mumatuluka thovu injini ikamalira, ku ekizozi kumafuka utsi woyera wosatha ngakhale dzuwa lili pamutu, ndipo oyilo wa pakamtengo koyezera amaoneka ngati thobwa. Kuyambira tsiku limenelo galimoto imayenda ndi zigubu zitatu za madzi, ndipo eni ake amaiyamikira kuti ndi yolimba, imangofuna kumwa.

Fungo lachiwiri ndi la oyilo wopserera, limene limayenda pamodzi ndi utsi wobiriwira ngati thambo. Utsi umenewu umasonyeza kuti oyilo akulowa mmene mumayaka dizilo, kawirikawiri chifukwa maring'i, timphete totseka mpata pakati pa pisitoni ndi silinda, aperepeseka. Apa pabadwa chiphunzitso china chofala m'magalaja a pansi pa mtengo wa mango, chakuti injini yodya oyilo safunika kuisintha oyilo popeza imalandira watsopano sabata iliyonse, chiphunzitso chimene chimaiwala kuti mwaye ndi tizitsulo tonyenyeka sizipsa nawo koma zimatsala pansi n'kutseka fyuluta. Oyilo akachepa kapena akapyapyala ndi kutentha, nyale yofiira ya padashibodi imayamba kuphethira, makamaka galimoto ikaima injini ikulira, ndipo pali madalaivala amene anapeza kuti kachidutswa ka tepi yakuda kamathetsa kuphethirako pa mtengo wotsika kwambiri. Zimene nyaleyo imanena n'zakuti mabeying'i, tizitsulo tofewa timene mtanda waukulu wa injini umazungulirapo, atsala pang'ono kukhudzana ndi mtandawo popanda oyilo pakati. Akakhudzana, pansi pa injini pamamveka kugogoda kolemera kumene kumafulumira munthu akaponda mafuta, ndipo amakaniko amati injini yanoka. Dalaivala amene azimitsa pomwepo amapulumutsa thupi la injini, koma amene akweza wailesi kuti kugogodako kusamusokoneze amadzaona chitsulo cholumikiza pisitoni chitaboola khoma la injini n'kusuzumira panja.

Utsi wakuda ndiwo wokhawo umene uli ndi otsatira ake, chifukwa ambiri amauyesa chizindikiro cha mphamvu, ndipo lole yokwera Khwekhwerere utsi uli tolotolo imatamandidwa kuti ikukoka. Kunena zoona utsiwo ndi dizilo wosapsa bwino, wogulidwa ndi ndalama n'kutayidwira kumwamba, ndipo umabwera pamene mafuta achuluka mpweya n'kuchepa, kaya chifukwa cha katundu wolemera, giya yolakwika pachitunda, manozo opopera dizilo otha, kapena fyuluta ya mpweya yodzaza fumbi. Pa msewu wa Makanjira fyuluta imadzaza msanga, ndipo chithandizo chake chodziwika ndicho kuimenyetsa pa tayala mpaka pepala lake litang'ambika, kapena kuichotseratu kuti injini ipume bwino. Imapumadi bwino kwa masabata angapo, fumbi lamchenga likupala masilinda ndi maring'i, kufikira utsi wakuda uja utasanduka wobiriwira. M'dzinja msewu womwewo umabweretsa tsoka la mtundu wina, monga zinaonekera milatho itakokoloka ndi namondwe wa Freddy mu March 2023, pakuti injini yokoka madzi pooloka mtsinje imaima nthawi yomweyo zitsulo zitapindika, popeza madzi sapanikizika monga mpweya.

Za mafuta n'zachidule. M'nyengo za kusowa kwa mafuta, monga m'zaka za 2011 ndi 2012 komanso kuyambira 2022, dizilo wa m'zigubu amapezeka m'misewu pamene pafilingi palibe, ndipo wina amakhala atasakanizidwa ndi palafini kapena madzi. Palafini alibe kuterera kumene pampu yopopera mafuta imadalira, madzi amadyetsa dzimbiri manozo, ndipo galimoto imayamba kuvuta kulira m'mawa, kunjenjemera ndi kufooka pachitunda, zonsezi lisanafike tsiku limene pampuyo itumizidwe ku Blantyre.

Funso lenileni ndi lakuti chifukwa chiyani tsoka lonunkha chotere limapezabe anthu osakonzeka. Yankho lopepuka ndi lakuti m'lole yonyamula usipa wosauma bwino mphuno ya munthu imakhala ndi ntchito yambiri kale. Yankho lolemera ndi lakuti mphuno ndi thumba zimakhala pa anthu awiri osiyana. Wonunkhiza ndi dalaivala, amene nthawi zambiri amapindula malinga ndi maulendo, ndipo kumbuyo kwake kuli amalonda amene chambo chawo chili pa ayezi wosungunuka, choyenera kufika ku Limbe kusanache. Wolipira ndi mwini galimoto, amene mwina ali ku Lilongwe, mwina ku Johannesburg kumene amuna ambiri a ku Mangochi amakagwira ntchito, ndipo injini yake amaimva kudzera pa WhatsApp, njira imene imanyamula mawu ndi zithunzi koma fungo ayi. Dalaivala akanena kuti, "Bwana, galimoto ikuwira pa Chowe," yankho limakhala lakuti, "Thirani madzi, achimwene, mukafike kaye, tiona mukabwerako," ndipo akabwerako katundu wina amakhala atapezeka kale. Mwini galimoto nayenso ali ndi chifukwa chake chokayikira, pakuti analipirapo kale fyuluta imene sinagulidwe. Tsiku la tsokalo uthenga umakhala wofanana kulikonse, wakuti "Bwana, yangozima yokha, inali bwinobwino," ndipo onse awiri amathamangira ku mwambi uja, umene umawamasula pamodzi popanda wina kufunsa mnzake za tepi ya padashibodi. Mwambi ukapanda kukwanira pamatchulidwa ansanje a kumudzi, amene pa nkhani za injini aimbidwa milandu yambiri yoyenera fyuluta.

Chilungamo chimafuna kuvomereza kuti pali matsoka a injini amene sanunkhadi, monga chipangizo chachinyengo chogulidwa m'bokosi lokongola, kapena chitsulo chothyoka ndi ukalamba wa m'kati, koma amenewa ndi ochepa. Mosiyana ndi malolewa, sitima ya Ilala, imene inamangidwa ku Scotland m'chaka cha 1949 n'kulumikizidwa ku Monkey Bay ndi kuyamba kuyenda mu 1951, yakhala zaka zonsezi pa nyanja yomweyo, mwa zina chifukwa pasitima pamakhala anthu olipidwa kuti azingomvetsera injini ndi kuyang'ana mageji, ndiponso chifukwa pakati pa nyanja palibe nthambi zoyala kapena mwala woika kumbuyo.

Lole yonoka imakokeredwa kunyumba n'kukhazikidwa pamiyala, matayala n'kubwereketsedwa, batire n'kulowa m'nyumba kukayatsa wailesi yakanema. Makaniko akatsegula injini amawerenga mbiri yonse popanda womuuza, dzimbiri la madzi a pamjigo, mikwingwirima ya fumbi la ku Makanjira m'masilinda, ndi mabeying'i osungunuka, kenaka amatchula mtengo wogulira injini ina yakale yochokera ku Japan, ndipo mwini wake amapempha nthawi yoti aganize. Pakapita chaka, nkhuku zitazolowera kuikira m'kabini, pagalasi pamamatidwa pepala lolengeza kuti galimotoyo ikugulitsidwa, injini ili bwinobwino, yangosowa batire.