Za mu 1415, monga zamvekera pa Jules Street

Mwana wa atelala athu a pa Jules Street akuphunzira mbiri yakale, ndipo madzulo amawerenga mokweza bambo ake akupalasa makina. Mlungu uno wafika pa chaka cha 1415. Tsoka lake, m'shopu ya telala wa kumudzi kuno ku Jeppestown simutha anthu odikira mathalauza, ndipo aliyense ndi mphunzitsi.

*

"Chaka chimenecho kunali apapa atatu," anawerenga mwanayo. "Gregory XII, Benedict XIII ndi John XXIII, aliyense akuti mpando ndi wake."

Abusa ena amene amapempheretsa m'galaja ya lendi anaseka mpaka kutsokomola. "Atatu okha, dziko lonse? Ife pamdadada umodzi pali mabishopu anayi, ndipo sipika timabwerekana."

Atamva kuti John XXIII anathawa pamsonkhano wa ku Constance atadzizimbaitsa ngati munthu wamba, anasendera pafupi.

"Anathawa ndi chopereka?"

"Buku silinanene, abusa."

"Nanga ankathawiranji?"

*

Ku Constance komweko kunabwera Jan Hus, mlaliki wa ku Prague. Mfumu Sigismund inamupatsa kalata yoti apite ndi kubwerera popanda womukhudza. Anamutsekera ndithu, ndipo pa 6 Julaye anamuwotcha.

M'shopu munati zii. Kenaka achimwene ena, amene masiku a m'pasipoti mwawo anatha kalekale, anausa moyo.

"Mwamva? Munthu anali ndi pepala losainidwa ndi mfumu yeniyeni. Ndiye inu muzindivutitsa ine kuti ndikadinditse ku Beitbridge?"

*

Za nkhondo ya Agincourt, pa 25 Okutobala, sizinachedwe. Henry V wa ku England anali ndi anthu ochepa, ambiri a mauta. Afalansa anabwera atavala zitsulo thupi lonse, n'kutitimira m'matope a m'munda wolimidwa kumene. Amakaniko owongola magalimoto anangofunsa funso limodzi: "Zitsulo zophwanyikazo anagula ndani?"

*

Mu Ogasiti, Apwitikizi a mfumu João I analanda mzinda wa Ceuta kumpoto kwa Africa, ndipo m'pamene anayambira ulendo umene unadzawafikitsa ku Tete. Lero Ceuta ili m'manja mwa Spain, yozingidwa ndi mpanda wautali woti Mwafirika asalumphe.

Agogo ena a ku Angónia, amene amagulitsa mtedza pakhomo, anasuzumira mkati. "Iwo pobwera analumpha mpanda wa yani? Bwenzi titamanga ndife, kalelo."

*

Imene inautsa mkangano ndi ya kadyansonga. Anthu a ku Malindi, kugombe la Kenya, anatumiza nyamayi kwa mfumu Yongle ya ku China. Inayenda panyanja, ndipo itafika Atchaina anailandira mwaulemu ngati chilombo chopatulika chobweretsa mwayi.

Atelala anaimitsa makina. Mwezi watha anatumiza filiji kwa akazi awo ku Mangochi kudzera kwa otenga katundu, ndipo inafika yopanda chitseko.

"Iwe, werenganso bwino. Inafika yamoyo?"

"Yamoyo, ababa."

"Khosi lonse lilipo?"

"Lonse."

Atelala analuma ulusi, n'kuloza bukulo ndi sizasi. "Tayang'ana kumapetoko, mwina analemba nambala ya amene ananyamulayo."