Mlonda wa pakhomo panga

Juni akangolowa, ife a m'chigwa cha Domasi timakumbukira kuti tinamanga pakati pa mapiri awiri, la Zomba ndi la Malosa. Usiku mphepo yozizira imatsetsereka n'kudzagona kumunsi kuno. Chiperoni chikatulukira kuchokera ku Mozambique ndi kamvula kake kowaza, mano amangoombana okha.

Ine ndinathamangira pa kaunjika wa ku Songani n'kugula majekete awiri ndi chipewa. Mayi a Chikondi anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Bambo a Chikondi, manyazi mulibe? Galu wanuyu akugona panja koma sitinamumve akudandaula."

Amanena Mudzatopa, yemwe ndinamugula kuti azilondera mbuzi. Ndinawafotokozera kuti thupi la galu limatentha madigiri 38 mpaka 39, pamene lathuli ndi 37 basi. Komanso iye akafuna kugona amafukula kadzenje poduka mphepo, n'kudzipinda mphuno kubisa kumchira. Nditayesa kudzipinda choncho pamphasa, anachita kundiwongola ndi ana.

Komabe Mudzatopa si German Shepherd wa mabwana a m'tauni ya Zomba, wa ubweya wokhuthala uja. Wake ndi waufupi, ukanyowa sutchinganso mphepo. Chakudya chake ndi mkute ndi mitu ya matemba a ku Chilwa, moti mwana wa Sitandade 1 akhoza kuphunzirira kuwerenga pa nthiti zake. Agalu owonda, okalamba ndi tiana ndiwo chisanu chimawazunza kwambiri, makamaka akagona ponyowa. M'bandakucha wina ndinamupeza pakhonde akunjenjemera, ine ndili m'majekete anga awiri. Tinayang'anizana, woyamba kugwetsa nkhope ndinali ine.

Ndinamuyalira thumba louma m'khitchini pafupi ndi mafuwa, n'kumuwonjezera mtanda wa nsima. Kunjenjemera kunatheratu. Ntchito nayo inathera pomwepo.

Masiku ano kukhola kukamveka phokoso pakati pa usiku, Mudzatopa amauwa kamodzi ali chigonere paphulusa. Sauwa wakuba ayi, amaitana ine. Mayi a Chikondi amandigunda ndi chigongono.

"Dzukani, mwaitanidwa."

Ndimatuluka ndi tochi ndi chibonga, kuzungulira khola, mame ali thoo m'mapazi. Pobwerera ndimasuzumira m'khitchini kukapereka lipoti. Iye amatsegula diso limodzi, kugwedeza mchira pang'ono, n'kupitiriza tulo. Za malipiro anga akuti tidzakambirana mu Ogasiti, kukayamba kufunda.