Thupi M'kalasi, Mtima pa Galimoto

Ikamakwana 5 koloko madzulo, msewu wa Masauko Chipembere mu Blantyre umadzaza ndi anthu othamangira kunyumba ndi ena othamangira digiri. Achiwiriwa ndi akuluakulu a m'maofesi ophunzira madzulo ndi kumapeto kwa sabata, ena ku MUBAS, imene mpaka 2021 inkatchedwa Polytechnic, ena ku Malawi College of Accountancy pa Ginnery Corner. Ambiri amatulukira pa ka Vitz, ka Passo kapena ka Sienta kochokera ku Japan, kotsikira padoko la Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe, ngongole yake ikadadulidwabe kumalipiro.

Wophunzira wagalimoto sasowa m'kalasi. Makiyi saika m'thumba, amawaponya padesiki kuti alire, a minibasi amve. Mpando wake ndi wapawindo. Aphunzitsi amayesa kuti munthuyu amakonda kamphepo, osadziwa kuti ali pantchito ya ulonda.

Mantha akewo ali ndi mutu. Kuba galimoto yonse n'chintchito: pamafunika mapepala, ndipo m'misewu muli ma rodibuloko. Wakuba wa m'tauni amakonda zonyamulika: batire, magalasi am'mbali, wailesi, jeke, tayala lapadera. Chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, zipangizo zochokera kunja zinakwera mtengo, ndipo galasi limodzi linasanduka chuma. Woberedwa amapita kumsika wa zipangizo zakale, n'kupezako galasi lokhala ndi kachipsera kofanana ndendende ndi kamene mwana wake anakanda ndi msomali. Amanenerera mtengo mwaulemu, n'kugula.

Akapsa kamodzi, bwana amayamba kumanga linga. Nambala ya galimoto imalembedwa mozokota pamawindo onse ndi pamagalasi. Magalasiwo amakhomedwa ndi marivheti. Batire limatsekeredwa m'kakhola kachitsulo kowotcherera ku Ndirande, pamwamba pake loko wamkulu woyenera pa golosale. Pachiwongolero pamapingasa chitsulo chachikasu. Pamapeto pake pamabwera swichi yachinsinsi yodula moto, imene amakanika amalumbira kuti palibe angaipeze, ngakhale anaiika pamalo omwewo m'galimoto zonse za anzake a bwana. Pakutha pa mwezi chinsinsicho amakhala akuchidziwa akazi awo, alamu awo amene amabwereka galimoto Lamlungu, ndi mnyamata wotsuka.

Alamu inayo, yolira ija, ndiye mdani wa maphunziro. Imalira bingu likagunda, imalira njinga yamoto ya kabaza ikadutsa, imalira mphaka akakwera paboneti. Ikangoti pyoo pakati pa phunziro la misonkho, abambo asanu amadzuka limodzi, aliyense ataloza rimoti kuwindo. Kunjako palibe amene amacheuka n'komwe, poti alamu yolira tsiku ndi tsiku anthu anasiya kuiwerengera.

Chodabwitsa n'chakuti munthu wa maloko onsewa amagwa ndi matama. Kukiya galimoto kwa bwana weniweni n'kudina rimoti akuyenda, osayang'ana m'mbuyo. Komatu kuli timakina totsekereza uthenga wa rimoti, moti galimoto imatsala yosakiya mwini wake akuyenda monyang'wa. Mankhwala ake ndi aulere: kubwerera n'kukoka chitseko. Koma kukoka chitseko pamaso pa atsikana a chaka choyamba, ena amakuona ngati kudzitsitsa. Laputopu nayo amaisiya pampando, kapena amaisamutsira kubuti atafika kale, aliyense akuona, ngati akulengeza kumene yagona.

Ndiye pali ubale wa bwana ndi mlonda, umene umayendera kalendala. Kumapeto kwa mwezi moni amakhala wautali: "Madala, mwaswera bwanji? Kunyumba ali bwanji? Muiponyereko diso iyi." Madala nawo amayankha molimbitsa mtima kuti, "Pitani mukaphunzire bwana, pano sipafika munthu," ndipo ya fanta imalowa m'manja mopinda. Pofika pa 15, bwana yemweyo amatuluka pageti atakweza mawindo, foni ili kukhutu, akukambirana nkhani yofunika kwambiri ndi munthu amene sanaimbe. Madala amangoyang'ana. Amadziwa galimoto iliyonse, mwini wake, ndi tsiku limene amalandira.

Nyengo ya kusowa kwa mafuta, nkhawa imasamukira kuthanki. Munthu amene wagona pamzere usiku wonse kuti apeze petulo samva chilichonse cha aphunzitsi. M'maso mwake mumangobwera paipi ndi chigubu.

Za inshuwaransi ambiri amaziphunzira tsiku la tsoka. Imene lamulo limakakamiza ndi ya third party, yolipira anthu ena amene wawaphwetekera pangozi. Yolipira zakuba ndi comprehensive, imene mtengo wake umapikisana ndi fizi. Bwana amanyamula lipoti la kupolisi, kuvala tayi, n'kukauzidwa mwaulemu kuti pepala limene anamata pagalasi lija silidziwa za batire.

Kalasi ikatha cha m'ma 8 koloko, minibasi zitayamba kusowa, onse amene amamunena kuti ngodzimva amasanduka abale. "Akulu, mukudzera ku Chitawira?" M'ka Passo mumalowa anthu asanu ndi zikwama zawo. Bwana amachotsa chitsulo chachikasu, amapempha onse ayang'ane kumbali, n'kupisa dzanja kunsi kwa chiwongolero kufuna swichi ija. Akapotokola kiyi, injini imangoti kwe, kwe, n'kukhala chete. Alamu yalira madzulo onse, yamaliza batire. Mnzake wa Sienta ali nazo nthambo zojampira, koma kiyi wa loko wa kakhola watsala kunyumba, pa mulu wa makiyi a mayi. Galimotoyo ndi ya otomatiki, yosalira ndi kukankha, komabe asanu aja amatsika, kuvula majekete, n'kuikankhira pafupi ndi kanyumba ka madala, pomwe lero ndi pa 17.