Kwa eni kudyetsa nthanga

Akuluakulu adati kwa eni kudyetsa nthanga, dzungu ukulifuna. Iwo ankanena za mlendo wapansi, wongowoloka dambo. Sankadziwa kuti mdzukulu wawo wa ku Chiwamba adzakwera ndege pa Lumbadzi kukaphunzira ku London, mwambiwo n'kumulondola mpaka komweko.

Tinene zoona, mwana wasukulu kunjako salowa mu miyuziyamu chifukwa chokonda mbiri. Amalowamo chifukwa ku National Gallery ndi ku Imperial War Museum salipiritsa pakhomo, ndiponso m'katimo mumafunda. Mu Januwale, thumba litabooka, munthu amasanduka wokonda zojambula mwadzidzidzi.

Akalowa ku National Gallery amapeza anthu ataunjikana, mafoni ali m'mwamba. Iye n'kudzipanikiza, poganiza kuti pali zoopsa. Kusuzumira, ndi mpendadzuwa. Adaujambula Vincent van Gogh mu 1888, atauthyola n'kuuika mu mtsuko. Mnyamata amene adakula akuingitsa mbalame m'munda wa mpendadzuwa amangogwira pakamwa: mafuta onsewa kungowataya chonchi? Mkulu yemweyo adajambulanso mpando wake, pampandopo pali kaliwo ndi kafodya, kumbuyo kuli bokosi la anyezi wophukira. Apa ndiye wa ku Chiwamba amafika pa ntchito yake. Amauyang'anitsitsa fodyayo, n'kupukusa mutu, kuti ameneyu ku okushoni ku Kanengo akadabwezedwa. Akangotambasula chala kuti aloze bwino, mlonda watulukira kale. Miyendo ili kuwawa, mpando ukuuona, koma kukhalapo ayi.

Dzungu lenileni amakalifuna ku miyuziyamu ya nkhondo, kumene mizinga iwiri ya pa sitima yapamadzi imakulonjera usanalowe. Amapita kukafuna agogo ake. Pajatu nkhondo ya Chiwaya, ya 1914 mpaka 1918, sidatiphonye. Zipolopolo zidalira ku Karonga mu Seputembala 1914, ndipo amuna ambirimbiri adagwidwa m'midzi kukakhala atengatenga, kusenza katundu wa asilikali pamutu, ena osabwerako. A King's African Rifles, gulu lomwe lidakhazikitsidwa mu 1902, adakafika mpaka ku nkhalango za Burma mu 1944. Tsono mnyamata amayenda chipinda ndi chipinda. Za nkhondo ya ku Somme zilipo zodzaza, ndege zikulendewera kudenga, akasinja ali poteropo. Za kwawo amachita kuzifunafuna ndi maso a nkhwazi, ndipo akapeza kachithunzi ka msilikali wakuda amakajambula kangapo, n'kutumiza pa WhatsApp ya banja kuti mwina ndi agogo. Azakhali amayankha kuti agogo sadali ndi makutu otero.

Chikhalirecho mbiriyo kwathu kuno siikhala m'galasi. Imavinidwa. Mganda uja, amuna atavala zoyera, ali pamzere, mapazi akugunda pamodzi, ndi perete wa asilikali amene midzi idamutenga n'kumuthira ng'oma.

Koma amene adaphunzira ku London pakati pa 2022 ndi 2024 asadandaule, iwowo dzungu adadya. Pabwalo la Trafalgar, pakhomo penipeni pa National Gallery, padaima chiboliboli cha John Chilembwe chomwe adapanga Samson Kambalu, potengera chithunzi cha 1914. Chilembwe adali wamtali, chipewa chili kumutu, chomwe atsamunda sankalola munthu wakuda kuvala pamaso pawo, ndipo mnzake John Chorley adali wamfupi pambali. Munthu amene adalemba kalata yodandaula kuti anthu akuda akukafera nkhondo ya eni, ataima pabwalo lokumbukira nkhondo ya eni omwewo, chipewa osavula. Akuluakulu aja akadaona akadauonjezera mawu mwambi wawo.

Vuto limadza mnyamata akabwerako. Van Gogh amamutchula ngati adasewera naye bawo. Mufunseni za Chongoni ku Dedza, komwe kuli malo 127 a zojambula pamiyala, ozindikiridwa ndi UNESCO mu 2006, ayamba kukanda m'mutu. Chipilala cha asilikali a KAR ku Zomba adangochiona pa kalendala. Ku Mua, komwe miyuziyamu ya Chamare imasunga mazana a nkhope za gule, akuti thiransipoti idakwera.

Inu a ku Chiwamba amene mukudikira viza, yambani mwapita ku Mua. Tsikani ndi msewu wa Salima, mukhotere kumwera pa M5. Nyamulani kangachepe, kumeneko amalipiritsa pakhomo.